Kalata kwa mnzanga: za mwana wofuna malo ku Harvard ndi MIT

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino kumeneko, ndi bambo a kunyumba omwe. Ndakondwa kumva kuti mtsikana wathu wakhoza MSCE mochititsa kaso. Mwafunsa ngati angayese mwayi ku Harvard kapena ku MIT, mayunivesite otchuka a ku Amereka. Ayese ndithu, koma posankha sukulu muyambe mwaona kaye za ndalama, dzina la sukulu libwere pambuyo.

Khomo lake ndi lopapatiza. Mu 2024 anthu oposa 54,000 anafunsira malo ku Harvard, ndipo amene anatengedwa sanakwane 2,000, kutanthauza osafika anayi pa 100 alionse. Ambiri mwa otsalawo anali okhoza bwino kwambiri kusukulu kwawo. Choncho asakakamire sukulu imodzi. Alembere zingapo, zina zosavuta kwenikweni kulowa.

Mtengo wa chaka chimodzi m'sukulu zimenezi, kuphatikiza chakudya ndi malo ogona, umapitirira madola 80,000. Sukulu zambiri za ku Amereka zikaona kuti wochokera kunja akupempha thandizo lalikulu, zimawerengera zimenezo pomusankha, ndipo mwayi wake umachepa. Zilipo zochepa zimene siziyang'ana m'thumba la makolo posankha, kenako zimalipira zonse zimene banja silingathe: Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth, Bowdoin ndi Brown zili m'gulu limeneli. Mndandanda wake uyambire pamenepo. M'sukulu zambiri thandizolo amapempha ndi fomu ya CSS Profile, imene imafunsa malipiro a makolo, nyumba, munda ndi ndalama za kubanki. Mulembe zoona zokhazokha, ndipo mukonzeretu kalata ya kuntchito yotsimikizira malipiro. Ena amaopa kupempha thandizo poganiza kuti atengedwa msanga. Kumeneko n'kudzitchera msampha, chifukwa sukulu zambiri sizilola wochokera kunja kudzapempha thandizo pambuyo ngati sanapemphe pofunsira malo.

Za mayeso zasintha kawiri m'zaka zochepa. Mu 2020, nthawi ya Covid, pafupifupi sukulu zonsezi zinaleka kukakamiza SAT, mayeso olowera kuyunivesite a kumeneko. MIT inabwezeretsa lamuloli mu 2022, ndipo mu 2024 Dartmouth, Brown ndi Harvard zinatsatira. SAT pano amalembera pa kompyuta, kudzera pa pulogalamu ya Bluebook, kwa maola awiri ndi mphindi 14, ndipo malikisi apamwamba ndi 1600. Ambiri otengedwa m'sukuluzi amapeza 1500 kapena kuposa. Alembetse msanga kuti akalephera koyamba apeze mpata wobwereza. Mumvanso za chigamulo cha khoti lalikulu la dzikolo cha mu Juni 2023, choletsa kusankha ophunzira poyang'ana mtundu wa khungu. Ku MIT, chaka chotsatira, ophunzira akuda a chaka choyamba anatsika kuchoka pa 13 kufika pa 5 mwa 100 alionse. Komabe mwana saletsedwa kulemba za kumene wakulira ndi zimene wakumana nazo.

Fomu yaikulu ndi Common Application, imene imatsegulidwa pa 1 Ogasiti ndipo imatumizidwa ku sukulu zambiri nthawi imodzi (MIT ili ndi fomu yakeyake). Kufunsira kwa msanga kumatsekedwa cha pa 1 Novembala, yankho n'kubwera pakati pa Disembala. Kwa onse kumatsekedwa sabata yoyamba ya Januwale, yankho limabwera mu Malichi, ndipo mwana amavomera malo pofika pa 1 Meyi. Asamale ndi njira yotchedwa Early Decision: akamutenga, ndiye kuti walonjeza kupita kumeneko, mpata woyerekeza thandizo la sukulu zosiyanasiyana palibenso. Ndalama yofunsira malo, pafupifupi madola 75 mpaka 90 pa sukulu iliyonse, amaichotsa ngati mwana wapempha n'kufotokoza kuti kwawo sangakwanitse.

Pamene ana athu amagwera kwenikweni ndi pa makalata a aphunzitsi. Pamafunika makalata a aphunzitsi awiri, kuphatikizapo lipoti la sukulu limene ahedi angathe kulemba, ndi malikisi a zaka zinayi zapitazi. Aphunzitsi akwathu anazolowera mizere itatu yonena kuti mwanayu ndi waulemu, womvera ndi wolimbikira. Kalata yotero kwa owerenga a kumeneko ilibe kanthu. Amafuna kumva chimene mwanayo anachita: funso limene anafunsa m'kalasi la Physics mphunzitsi n'kupita kukafufuza, kapena mmene ankaphunzitsira anzake masamu madzulo aphunzitsi ataweruka. Muwapemphe mu Ogasiti, muwafotokozere zimenezi mwaulemu, ndipo muonetsetse kuti ali ndi imelo imene amaitsegula, chifukwa makalatawo amatumiza okha pa intaneti. Nkhani imene mwana amalemba za iye mwini isapitirire mawu 650, ndipo alembe yekha. Pa mndandanda wa zochita kunja kwa kalasi, umene umalola zinthu khumi, asachite manyazi kulemba kulera abale ake, kulima, kapena kugulitsa pa okala ya amayi ake. Fomuyo ili ndi malo a ntchito za pabanja, ndipo amaziwerengera.

Popeza munanena kuti akufuna udokotala, dziwani kuti ku Amereka udokotala ndi zamalamulo saziyamba akangochoka ku sekondale. Amayamba wamaliza digiri ya zaka zinayi, ndipo sukulu za udokotala zimatenga ochokera kunja ochepa kwambiri, thandizo lakenso n'losowa. Ngati mtima wake uli pamenepo, asataye mwayi wa ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya ku Malawi.

Moyo wa kumeneko ndi wa pa sukulu pomwepo. Ku Harvard a chaka choyamba ambiri amagona ku Harvard Yard, kenako amagawidwa m'nyumba 12. Ku Yale muli makoleji ogonamo 14. Phunziro lenileni amalisankha m'chaka chachiwiri m'sukulu zambiri. Chimene chimawapweteka ana ambiri ndi kuzolowera kukhala nambala wani kenako n'kupezeka ali pakati. N'chifukwa chake MIT temu yoyamba siilemba magiredi: ukakhoza amangolemba kuti wakhoza, ukalephera sizioneka. Mphunzitsi aliyense ali ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira mafunso, koma ana athu, poleredwa kuti wamkulu savutitsidwa, sapitako mpaka zinthu zitaipa. Mumuuze kuti azipitako kuyambira sabata yoyamba. Afunsenso ngati thandizolo likuphatikiza tikiti ya ndege, inshuwalansi ya chipatala ndi zovala za chisanu, komanso kumene adzadyere pa tchuthi cha Disembala, pamene malo odyera ambiri amatsekedwa.

Viza yake ndi F-1, imene popanda chilolezo chapadera imalola kugwira ntchito pa sukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro. Kuyambira 2025 boma la Amereka lakhwimitsa malamulo a viza kwa Amalawi, choncho musanalipire kalikonse apite kaye kwa alangizi a EducationUSA, ofesi ya boma la Amereka yolangiza za maphunziro, ku Lilongwe akamve mmene zilili panopa. Uphungu wawo ndi waulere, ndiye wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama akupezereni malo ku Harvard, mumukane.

Akalemba nkhani yake ija, munditumizire ndiiwerenge Okutobala asanafike. Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu wa kalekale.