Kalata kwa Takondwa: sitima yomwe inamira tsiku loyamba

Takondwa mphwanga,

Uli bwanji kumeneko? Amayi ako akuti masiku ano ukungojambula masitima mpaka m'kope la masamu, ndiye ndati ndikuuze za sitima ina yomwe ili kuno ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, dzina lake Vasa.

Kalekale mfumu ya Sweden, Gustav II Adolf, inali pa nkhondo ndi dziko la Poland ndiye inkafuna chisitima choti adani akangochiona athawe okha. Nthawi imeneyo kunalibe injini, sitima zinali zamatabwa ndipo zinkayenda ndi mphepo ikawomba pa zinsalu zikuluzikulu. Vasa anaiyikamo mizinga 64, kunja konse anasemako mikango ndi asilikali n'kupaka utoto wowala, inali yokongola zedi.

Koma iwe, inali yolemera kumwamba, kunsi kopepuka, ngati minibasi yomwe apakira matumba a chimanga padenga. Ndipo akuluakulu anadziwa! Isananyamuke anauza amuna 30 kuti azithamanga uku ndi uku pamwamba pake kuti aone ngati yakhazikika, atangothamanga katatu sitima inapendekeka moopsa mpaka anawaletsa. Komabe palibe anaimitsa ulendowo, mfumu inali kunkhondo ndipo inkangotumiza makalata kuti fulumirani, ndani akanayerekeza kuiuza kuti bwana sitima yanu ndi yolakwika?

Pa 10 Ogasiti 1628 inanyamuka anthu ali mbwee m'mphepete kuonerera. Itangoyenda mamita ngati 1,300, pafupi pomwepo, kamphepo kanaikankha, madzi analowa m'mawindo a mizinga omwe anali otsegula, basi inamira anthu akuona. Anthu pafupifupi 30 anafa. Mlandu unazengedwa koma palibe analangidwa, mmisiri wamkulu yemwe anaiyamba, Henrik Hybertsson, anali atamwalira kale mu 1627.

Inakhala pansi pa madzi zaka 333 mpaka anaivuula mu 1961 ili pafupifupi yathunthu, chifukwa madzi a nyanja ya Baltic, momwe inamiramo, alibe mchere wambiri ndiye tizilombo todya matabwa sitikhalamo. Anaithira mankhwala zaka 17 kuti isang'aluke pouma. Pano ili m'nyumba yakeyake, ndi yaitali moti kuti uone pamwamba umakwera masitepe angapo.

Ndakugulira kabuku ka zithunzi zake, ndipatsira munthu akamabwera mu Disembala. Unditumizireko chojambula chako chimodzi pa foni ya amayi, koma osang'amba kope la masamu. Upereke moni kwa agogo.

Ndine malume ako