Kalata yotseguka kwa a Pierluigi Collina: tionetseni wotchi ya woyimbira

Wolemekezeka a Collina, wapampando wa komiti ya oyimbira ku FIFA,

Tikukulemberani ife ochemerera amene timatsata mpira mwakhama, kuusanthula, ndi kulosera zotsatira masewero asanayambe. Pempho lathu ndi limodzi: nthawi yotayika m'masewero iziwerengedwa poyera, aliyense akuona, isamabisike pamkono pa munthu mmodzi.

Inu mukudziwa kuposa tonsefe kulemera kwa mphindi zowonjezera. Pa 26 May 1999 ku bwalo la Camp Nou ku Barcelona, pamasewero omaliza a chikho cha Champions League, wenzulo idali pakamwa panu. Bayern Munich idatsogola kuyambira mphindi ya 6 ndi chigoli cha Mario Basler, mpaka chikwangwani chidakwezedwa chili ndi 3. M'mphindi zitatuzo David Beckham adamenya makona awiri, Teddy Sheringham ndi Ole Gunnar Solskjær adamwetsa, chikho n'kupita ku Manchester United. Samuel Kuffour ankamenya nthaka ndi chibakera, inu muli kalikiliki kudzutsa osewera a Bayern amene adangoti lambalamba pansi kuti masewero athe. Chikwangwani chija chikadakhala ndi 1, bwenzi mbiri ya matimu awiriwo ili ina. Nambala yolemera chonchi, wochemerera alibe njira yoitsimikizira.

Lamulo 7 la m'buku la malamulo a mpira ndi lomveka bwino. Limati woyimbira abweze nthawi yotayika posintha osewera, posamalira ndi kutulutsa wovulala, popereka makadi, popumira kumwa madzi, pofufuza ndi VAR (oyimbira othandiza oonera pakanema), pokondwerera chigoli ndiponso pochedwetsa masewero mwadala. Limatinso nambala imene woyimbira wachinayi wakweza ndi yocheperapo: itha kuwonjezeredwa, koma siingachepetsedwe. Vuto lili powerenga. Tiyerekeze chigawo chachiwiri cha masewero wamba. Zigoli ziwiri, chilichonse chadya masekondi 80 mpira usanayambenso pakati: 160. Masewero aimitsidwa kasanu ndi kamodzi kuti matimu asinthe osewera, katatu timu iliyonse monga lamulo lilolera, masekondi 40 ulendo uliwonse: 240. Achipatala alowa kawiri, masekondi 90 ulendo uliwonse: 180. VAR yafufuza penate imodzi, woyimbira wakaona pakanema n'kubwerera: 150. Zonse pamodzi ndi masekondi 730, kutanthauza mphindi 12 ndi masekondi 10, ndipo sitinawerengemo goloboyi amene akusuntha mpira kuchoka ngodya ina ya kabokosi kupita ku inzake. Pa chikwangwani pamatuluka 5 kapena 6. Mphindi zinazo zapita kuti? Palibe amayankha, chifukwa palibe pamene zidalembedwa.

Pa chikho cha dziko lonse ku Qatar mu 2022 mudayesa kukonza, ndipo tidakuyamikani. Mudachenjeza chikho chisanayambe kuti kukondwerera chigoli chimodzi kumadya mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndi kuti nthawi imeneyi ibwezedwa. Pa 21 November, England ikugonjetsa Iran 6-2, chigawo choyamba chidawonjezeredwa mphindi 14 chifukwa goloboyi Alireza Beiranvand adavulala kumutu, ndipo Mehdi Taremi adamwetsa penate pa 90+13. Koma zimene zidatsatira zidatisokoneza mutu. Premier League idatengera njira yanuyi mu 2023, bungwe la mpira la ku Ulaya la UEFA lidakana kuitsatira m'mipikisano yake, kenako mu 2024 Premier League idabwerera pang'ono n'kusiya kuwerenga masekondi 30 oyamba chigoli chikalowa. Timu imodzimodziyo ikusewera mphindi 90 za mtundu wina Loweruka, za mtundu wina Lachitatu, pamene buku la malamulo ndi limodzi.

Izi zikuwononga mkangano umene ochemerera timaukonda kwambiri, wa kaseweredwe. Ena mwa ife amakonda timu yosunga mpira, yoyamba kupatsirana kuchokera kwa goloboyi. Ena amakonda yopanikiza, yothamangira adani mpira ukangotayika. Enanso amakonda yokhala kumbuyo, mizere iwiri yothithikana, n'kudikira mpata wothawa ndi mpira. Mitundu yonseyi ndi mpira weniweni. Morocco ya Walid Regragui idafika m'ndime ya matimu anayi mu 2022 italowetsedwa chigoli chimodzi chokha, chodzimwetsa, pamasewero ake ndi Canada. Idaisiyira Spain mpira kwa mphindi 120, Spain n'kumangozungulira kunja ngati galu pa khola lotseka, kenako idapambana pa mapenate 3-0. Limenelo ndi luso: kusunga mtunda pakati pa mzere wakumbuyo ndi wapakati, kutseka njira ya mkati, kukankhira adani m'mbali momwe sangavulaze.

Kudya nthawi ndi chinthu china, ngakhale kumavala malaya omwewo. Onani mmene kumachitikira. Timu yatsogola 1-0 pa mphindi ya 70, ndipo adani amenya makona awiri motsatizana, bwalo lonse laimirira. Goloboyi wawakha mpira wopepuka woti mwana akadaugwira ali chiimire, wagwa nawo chafufumimba, wayang'ana uku ndi uku, kenako wagwira ntchafu. Goloboyi satulutsidwa kunja akalandira chithandizo, ndiye masewero onse aima. Anzake khumi athamangira kwa mphunzitsi, amwa madzi, alandira malangizo atsopano. Pamene mpira ukuyambanso, mtima wa osewera wabwerera m'malo, moto wa adani wazilala. Timu yopanikiza imadalira kutopetsa mnzake, ndiye kupuma kulikonse kobedwa kumailanda chida chake. Ndipo chifukwa choti wotchi siioneka, ochemerera timathira m'nkhokwe imodzi timu yodziwa kutchinga ndi timu yachinyengo. Mphunzitsi wakonza bwino otchinga kumbuyo amanyozedwa kuti wapha mpira, pamene wina wongogonetsa anyamata pansi amatamandidwa kuti ndi wochenjera.

Malamulo adasinthapo kale kaseweredwe, ndipo inu mudaziona muli m'bwalo. Chikho cha dziko lonse cha 1990 ku Italy chidabala zigoli 115 zokha m'masewero 52. Mu 1992 goloboyi adaletsedwa kugwira ndi manja mpira wobwezeredwa ndi phazi la mnzake, ndipo lero goloboyi wosadziwa kupatsira ndi mapazi sapeza malo m'timu yaikulu. Koma chitsanzo chotigwira mtima ndi cha 2025. Lamulo loletsa goloboyi kusunga mpira m'manja kupitirira masekondi 6 lidakhala m'buku zaka zambiri osagwira ntchito, popeza chilango chake, friikiki m'bokosi, chidali cholemera ndi chosokoneza, ndipo oyimbira ankachiopa. IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira, idalisintha: masekondi 8, chilango kona, ndipo woyimbira amakweza dzanja n'kuwerenga masekondi 5 omaliza ndi zala. Goloboyi Ronwen Williams wa Mamelodi Sundowns adalangidwa nalo pa chikho cha makalabu ku America, pamasewero ndi Ulsan, ndipo panalibe mkangano. Chifukwa chake n'chakuti aliyense adaona zala zija zikupindika chimodzichimodzi. Chimene tikupempha ndi nzeru yomweyi, koma pa wotchi yonse.

Za kulosera, tinene mosabisa kuti sitikufuna mpira wodziwikiratu. Saudi Arabia ya Hervé Renard itagonjetsa Argentina 2-1 ku Qatar, itakweza mzere wakumbuyo mpaka zigoli zitatu za Argentina kukanidwa chifukwa cha ofusayidi m'chigawo choyamba, maulosi athu adagwera m'madzi ndipo tidasangalala nazo. Wolosera wodziwa ntchito amayang'ana masewero asanu apitawo, amene avulala kapena ali pa chilango cha makadi, kusewera pakhomo kapena koyenda, masiku amene timu yapuma, ndi mmene kaseweredwe ka matimu awiriwo kakumanirana. Zonsezi zimapezeka. Chosapezeka ndi kutalika kwa masewero. Ku Qatar kudalowa zigoli 172 m'masewero 64, pafupifupi chigoli chimodzi pa mphindi 35 zilizonse. Choncho mphindi 8 kapena 9 zobwezedwa kapena zomanidwa zikutanthauza chigoli chathunthu m'masewero anayi aliwonse. Ndipo zimenezi si mphindi wamba: miyendo yalemera, timu yotsalira yatumiza otchinga kumbuyo kutsogolo, goloboyi wakwera kukalimbirana kona. Ndi nthawi imene 1-0 amasanduka 1-1 kapena 2-0. Pamene pakuyenda ndalama za obetcha, wotchi yobisika imabalanso mphekesera, ndipo woyimbira wachilungamo amanenedwa kuti wadya ziphuphu popanda choti aonetse podziteteza.

Sitikuimba mlandu oyimbira. Munthu mmodzi akuthamanga makilomita 10 kapena kuposa, akuyang'ana zokokana m'bokosi, akumvera mawu a anzake m'khutu, akulemba makadi, n'kumakumbukiranso kudina wotchi. Mutu umodzi susenza denga. Pa 12 January 2022 ku Limbe ya ku Cameroon, pamasewero a Tunisia ndi Mali a chikho cha Africa, wenzulo yomaliza idalira pa mphindi ya 85. Masewero adayambanso, n'kuthetsedwa kachiwiri mphindi 90 zisanakwane, m'chigawo chimene mudali mapenate awiri, khadi yofiira, kufufuza kwa VAR ndi kupumira madzi. Mphunzitsi wa Tunisia, Mondher Kebaier, adalowa m'bwalo akuloza wotchi yake, koma wotchi yake sidali ya lamulo. Kudali dzuwa loswa mtengo tsiku limenelo, ndipo munthu aliyense atha kusokonezeka. Chodandaulitsa n'chakuti padalibe wotchi ina yovomerezeka yoti imuwongolere.

Nazi zimene tikupempha. Pakhale wosunga nthawi wosiyana ndi woyimbira wachinayi, popeza wachinayiyo amatanganidwa kale ndi kusintha osewera ndi kukhazika pansi aphunzitsi. Wotchi ya masewero iziyenda monga mwa masiku onse. Pambali pake pakhale yachiwiri, yoyambira pa 0:00, yoyenda pokhapokha masewero aima pa zifukwa zolembedwa mu Lamulo 7, ndipo iziwonekera pa bolodi ya bwalo ndi pa wailesi yakanema. Poyambira ndi pothera pa chilichonse palembedwe mosasiya mpata: chigoli, kuyambira mpira utawoloka mzere mpaka utamenyedwa pakati, penate, kuyambira wenzulo yoipereka mpaka wenzulo yolola kumenya, wovulala, kuyambira masewero ataimitsidwa mpaka atayambanso. Mpira woponya, kona ndi friikiki wamba zisawerengedwe, pokhapokha woyimbira atakweza dzanja kusonyeza kuti wina akuzengereza dala. Mphindi 45 zikakwana, chimene chili pa wotchi yachiwiri ndicho chiseweredwe, ndi masekondi ake omwe, ndipo zoima za m'kati mwa nthawi yowonjezerayo ziziwonjezekanso anthu akuona. M'mabwalo ambiri wotchi imaima pa 45:00 ndi 90:00, n'kusiya anthu amene alipira pakhomo mumdima pamene oonera kunyumba akuona. Zimenezo zithe. Masewero akatha, pepala la wosunga nthawi lisindikizidwe pamodzi ndi zotsatira: mphindi, chifukwa, masekondi.

Chimene chingalakwike ndi pothera penipeni. Wotchi ikaoneka, anthu adzafuna wenzulo pa sekondi yomaliza, ndipo tidzabwerera ku 1978, pamene Brazil idamenya kona pamasewero ndi Sweden, wenzulo n'kulira mpira uli m'malere, mpira umene Zico adamenya ndi mutu n'kulowa muukonde pachabe. Pakali pano lamulo limatalikitsa chigawo chifukwa cha penate yokha. Lembani kuti kona kapena friikiki yoperekedwa nthawi isanathe iyenera kumenyedwa, ndi kuti masewero amatha mpira ukatuluka kapena timu yotchinga ikaulanda. A rugby amachita zofanana ndi zimenezi kwa zaka zambiri popanda chipwirikiti.

Tikudziwa kuti mu 2017 IFAB idaika pa tebulo ganizo la zigawo ziwiri za mphindi 30, wotchi ikuima mpira ukangotuluka, monga mu futsal, mpira wa osewera asanu wa m'nyumba. Ife sitikuligwirizana nalo. Likadutsa, kuima kulikonse kudzakhala kwaulere, ndipo amene amadya nthawi pofuna kuziziritsa adani adzapeza chilolezo. Mipata yoterowo siichedwanso kudzaza ndi zotsatsa malonda. Wotchi yachiwiri imasiya mpira mmene tidaupezera, ndipo m'maligi osauka imangofuna wotchi yodina ndi munthu wokweza chikwangwani pa mphindi 15 zilizonse.

Osewera ena, monga Raphaël Varane mu 2023, adadandaula kuti masewero a mphindi 100 akuwatopetsa ndi kuwavulaza, ndipo dandaulo limeneli ndi loyenera kulimva. Koma mphindi zobwezedwazo ndi zomwe adaima osathamanga. Chimene chikuwatha ndi kuchuluka kwa masewero pa chaka, nkhani imene ili m'manja mwa okonza mipikisano. Komanso wosewera akaona ndi maso ake kuti masekondi 50 amene wagona akwera pa bolodi, ndipo mphunzitsi wake akumukalipira kuti adzuke, chizolowezicho chidzachepa, nayonso nthawi yowonjezera n'kutsika.

Ku IFAB, FIFA ili ndi mavoti 4 mwa 8, ndipo lamulo limasintha ndi mavoti 6, pamene ena anayiwo ali ndi England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Kuyesa sikufuna kusintha lamulo kaye. Mudayesa kale mu 2023 kuti woyimbira azilengeza kwa anthu chigamulo cha VAR, kuyambira pa chikho cha makalabu ku Morocco mpaka chikho cha amayi ku Australia ndi New Zealand. Tikupempha kuti mupereke ganizo la wotchi yachiwiri ku msonkhano wa IFAB ukubwerawu, liyesedwe mumpikisano umodzi wa achinyamata wa FIFA ndi muligi imodzi yopanda VAR, ndipo mapepala a osunga nthawi a masewero onsewo aikidwe poyera kuti nafenso tiwawerenge.

Ndife anu mwaulemu,
Ochemerera ndi osanthula mpira wamiyendo