Kwa eni shopu ya ma TV pa Kasungu boma: HDR yanuyo ili pa katoni pokha

Bwana, ndalemba pano poti aliyense aone chifukwa pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndikafika pa shopu mnyamata wanu amangoti abwana ali ku Lilongwe kukapikula katundu. Nkhani ndi ya TV ya mainchesi 55 munandigulitsa ija, risiti ndili nayo.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, kuno ku boma, ku Santhe, Mtunthama mpaka ku Nkhamenya, nde TV ndinkaifunira kuonetsera makasitomala mavidiyo awo asanamalize kulipira. Panali ma TV awiri saizi imodzi, inu nkundikankhira ku yodulayo ati iyi ili ndi HDR achimwene simudzadandaula. Ndinaonjezera ndalama chifukwa cha mawu amenewo basi.

Mwina simudziwa chimene mukugulitsa nde mundimve. HDR pa TV ndi yoti powala pawale zenizeni, pamdima pade koma zinthu zizionekabe. Diresi loyera la mkwatibwi pa dzuwa la Okutobala ndi suti yakuda ya mkwati mu chithunzi chimodzi, leisi ya diresi ioneke, makwinya a jekete aonekenso. Kuti zimenezi zitheke sikirini iyenera kukhala ndi mphamvu yowala, imene amayeza mu ma nits. Mavidiyo wamba amapangidwira ma nits 100, a HDR ambiri amakonzedwa pa 1,000, ena mpaka 4,000. Bungwe la UHD Alliance mu 2016 linaika kuti TV ya LCD yofuna chizindikiro chawo cha Ultra HD Premium ifike ma nits 1,000 powala kwambiri. Yanuyi kabuku kake komwe kakuti 250. Komanso HDR10, womwe ndi mtundu umodzi wa HDR, imafuna 10-bit, kutanthauza masitepe 1,024 pa mtundu uliwonse, pamene 8-bit ndi 256 okha, nchifukwa chake thambo la madzulo pa TV yanu likutuluka mizeremizere m'malo mosalala. Ndipo nyali zakumbuyo kwa sikirini zimayaka zonse limodzi, sizitha kuzimako mbali imodzi, nde chakuda chikuoneka ngati phulusa.

Chimene TV iyi imatha ndi kungolandira siginolo ya HDR10, kaonetse kalembo ka HDR pakona, kenako chithunzi nkuda kuposa mmene vidiyo wamba imaonekera. Mayi wina anandifunsa ngati diresi la mwana wawo linali lakuda pa tsikulo, ine manyazi, pamene vidiyo yomweyo pa foni imene ndinajambulira ikuwala bwinobwino.

Nditadandaula mnyamata wanu anati vuto ndi kebulo, nkundigulitsanso HDMI ina. Zoona HDR10 imafuna HDMI 2.0a kapena kuposa, koma ine ndimaonetsera pa flash bwana, kebulo ikulowa pati pamenepa? Nditamuuza choncho anasintha nyimbo ati HDR ndi yomwe ija ya pa kamera ya foni, ukangoyatsa zonse zimakongola. Ayi ndithu. Ya pa zithunzi za foni ndi yoti foniyo imajambula kangapo mwachangu, china chowala china chakuda, nkuziphatikiza kukhala chimodzi choti chioneke bwino pa sikirini iliyonse. Ya TV ndi nkhani ya sikirini yeniyeniyo, ngati ilibe mphamvu ilibe basi, palibe batani lokonzera zimenezo.

Chandiwawa kwambiri ndi choti ndili pomwepo anauza bambo wina, wooneka kuti wangochoka kogulitsa fodya ku Chinkhoma, kuti HDR ipangitsa mpira wa pa dikoda kuoneka ngati ali mu bwalo. Mpira ungaoneke mu HDR pokhapokha oulutsawo autumize choncho, mwachitsanzo ndi HLG, mtundu wa HDR woulutsira pa TV umene anapanga a BBC ndi a NHK a ku Japan, ndipo dikoda nayo izitha. Pa yanga kalembo ka HDR kaja sikanatulukepo olo tsiku limodzi pa mpira. Munthu wavutika chaka chonse kuyambira ku nazale, inu nkumudyera pa sitika.

Sindikuti TV ndi yakufa, pa zinthu wamba ikugwira. Koma ndinalipira chinthu chimene mulibemo. Nde sankhani: mundibwezere ndalama ndinaonjezera ija pamodzi ndi ya kebulo, kapena mutenge TV yanu mundipatse ina yoti ma nits ake alembedwa poyera ndipo tiiyese limodzi ndi flash yanga pa shopu pomwepo. Musandiuze za waranti yoti imangogwira TV ikapsa. Mukapanda kuyankha pofika Lachisanu ndikatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ndi risiti, kabuku kaja ndi mauthenga onse a pa WhatsApp.