Ndimasamalira odwala, koma ndikuopa kupempha thandizo

Okondedwa Alangizi,

Ndine namwino komanso mzamba pachipatala china chachikulu, ndipo ndakhala pantchitoyi kwa zaka zambiri. Ndakulemberani chifukwa ndikuona kuti ndikufunika uphungu, koma ndikuopa kukaupempha pamalo pomwe ndimagwira ntchito.

Ndikaweruka shifiti ya usiku thupi limakhala lofooka, koma ndikafika pabedi tulo sitibwera, ndipo ndikangotseka maso ndimaona nkhope ya mayi amene tinalephera kumupulumutsa atataya magazi ambiri pobereka. Muwodi mwathu imfa ikachitika palibe mpata wokhala pansi. Timatseka makatani, kuuza achibale, kulemba mufaelo ndi kusintha zofunda, ndipo tikamamaliza wodwala wina amakhala atafika kale kudikira bedi lomwelo. Chimene chikundiopsa koposa ndi kuuma kwa mtima wanga. Masiku ano mayi akandigwira dzanja akubuula ndi ululu, ndimamuthandiza zonse monga mwa ntchito, koma chifundo chimene chinandikokera ku unamwino sindichimvanso. Kunyumba nako ana akangosokosera pang'ono ndimapsa mtima.

Mu 2019 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linafotokoza kuti kutopa kotheratu kotereku kumadza chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pantchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa kapena kutalikirana mumtima ndi ntchito yako, ndiponso kuchepa kwa luso pogwira ntchito. Zonsezi ndikuziona mwa ine. Ndikaganiza bwino, zinakula nthawi ya mliri wa COVID-19, pamene tinkalowa muwodi tili ndi mantha oti titengera matenda kwa ana athu. Bungwe lomweli linayerekeza kuti ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 115,000 anamwalira ndi matendawa pakati pa January 2020 ndi May 2021. Nthawi imeneyo anthu ankatitcha ngwazi, koma mliri utachepa sitinakhalepo pansi n'kufunsana kuti tatsala ndi zotani mumtima.

Pachipatala pathu alipo anzathu amene anaphunzira za thanzi la maganizo, ndipo ntchito yawo ndimailemekeza. Vuto n'lakuti ndi anthu amene ndimakumana nawo pamisonkhano ndi m'makonde tsiku ndi tsiku. Ndimaopa kuti ndikangolowa m'chipinda chawo, nkhani idzafalikira kuti namwino uja mutu wake sukuyenda bwino, ndipo akuluakulu angayambe kukayikira ngati ndili woyenera kupereka mankhwala kapena kuyang'anira mayi wapakati. Sindili ndekha. Mnzanga wina wayamba kudalira mapiritsi ogonetsa, wina akaweruka amayamba wamwa mowa asanafike kwawo, ndipo tonse tikapatsana moni timangoyankha kuti tili bwino. Kunena zoona, zimandipweteka kuti ife amene timalimbikitsa odwala kumasuka ndi kufotokoza mavuto awo ndife amene timabisa athu kwambiri.

Sindikuganiza kuti yankho lake ndi kungolimba mtima, monga ena amatiuzira. Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2022 okhudza thanzi la maganizo pantchito amanena kuti oyang'anira ntchito aziphunzitsidwa kuzindikira wantchito amene wapanikizika, komanso kuti mabwana aziunika kuchuluka kwa ntchito imene amapatsa anthu. Ine ndingakonde kuti tizipatsidwa nthawi yokambirana monga gulu pakachitika imfa yopweteka, ndiponso kuti pakhale mlangizi wochokera kunja amene tingamuuze zakukhosi mwachinsinsi.

Chonde ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndingadziwe bwanji ngati uku n'kutopa kwa ntchito chabe, kapena ndayamba matenda a kukhumudwa ofunika chithandizo cha dokotala? Kodi ndilimbe mtima kukaonana ndi mnzanga wa pachipatala pomwepo, podalira lamulo losunga chinsinsi cha wodwala, kapena ndifunefune mlangizi kwina? Nanga nkhani imeneyi ndingaifikitse bwanji kwa a matroni mwaulemu, popanda kuoneka ngati waulesi kapena woyambitsa chisokonezo? Amuna anga andipempha kuti ndisiye ntchito, koma ine ndikufuna kuipitiriza, ndipo ndikusowa mawu owafotokozera zimenezi.

Ine wanu,
Namwino wothedwa nzeru