Mapaipi akutha, mvula nayo sikudalirika

Akonzi,

Ndine telala, ndimakhala ku Yeoville kuno ku Johannesburg. Abale kumudzi amayesa kuti kusowa madzi ndi nkhani ya ku Ndirande kokha. Ayi ndithu. Kuno mpopi ukauma timafola ndi zigubu kudikira galimoto ya madzi, amayi ena ana ali kumbuyo, chonsecho pangodya ya msewu wathu paipi yophulika ikungotaya madzi oyera mpaka pamera ndere. Zimandiwawa kwambiri.

Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 ndipo mulibe mtsinje waukulu. Madzi amachokera ku Vaal Dam, ena mwa iwo ndi a kumapiri a Lesotho, ndipo amachita kuwapopa chokweza. Magetsi akazima, madera akumtunda ndiwo amayamba kuuma. Mu 2016 chilala chinatsitsa madzi a m'damuli mpaka pansi pa 30 peresenti. Nanga mvula ikapitiriza kusinthasintha chonchi, tidzalowera kuti?

Blantyre nayonso imapopa madzi chokweza kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire. Ndikupempha akuluakulu oona za madzi kwathuko kuti aike ndalama pokonza mapaipi akale, ndipo akafuna kutseka madzi aziuziratu anthu kuti atungiretu.

Mmalawi wokhudzidwa,
Yeoville, Johannesburg