Mkwiyo wanga wayamba kuonekera mwa mwana wanga

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 39, ndili pabanja, ndipo ndili ndi ana awiri, wamwamuna wa zaka 9 ndi wamkazi wa zaka 4. Ndakhala ndikuzengereza kulemba kalatayi kwa miyezi ingapo, koma zimene zinachitika sabata ziwiri zapitazo zandichotsa manyazi. Madzulo ena ndinatambasula dzanja kuti nditenge buku pa shelefu imene inali pamwamba pa mutu wa mwana wanga wamwamuna, ndipo iye, osaona n'komwe chimene ndinkafuna, anadzidzimuka, n'kulowetsa khosi m'mapewa ndi kuphimba mutu ndi manja onse awiri. Tsiku limenelo sindinakwiye, sindinamukalipire, komabe thupi lake linali litaphunzira kale tanthauzo la dzanja la bambo ake likakwera m'mwamba. Ndinapita kuchipinda n'kukhala pabedi nthawi yaitali, buku lija lili m'manja, osalitsegula.

Vuto langa ndi kupsa mtima msanga. Kanthu kakang'ono, monga kapu yosweka kapena mwana amene sanayankhe nditamuitana kawiri, kamandiyatsa ngati udzu wouma. Makutu amatentha, mtima umagunda mpaka ndimaumva kukhosi, nsagwada zimalumana, ndipo mawu amatuluka ndisanawaganize. Mwanayu ndamumenyapo mopitirira muyeso kangapo, chitseko cha kuchipinda ndinachithyolapo ndi chibakera, ndipo ngakhale mkazi wanga sindinamukhudzepo ndi dzanja, ndamulalatira mawu amene sindingawalembe pano. Pakapita mphindi khumi zonse zimazizira, ndipo chimene chimatsala ndi manyazi aakulu.

Pofuna kudzimvetsa ndinayamba kuwerenga za mkwiyo. Ndinapeza kuti katswiri wa kagwiridwe ntchito ka thupi, Walter Cannon wa ku yunivesite ya Harvard, anafotokoza kale mu 1915 kuti munthu kapena nyama ikaopsezedwa, thupi limatulutsa timadzi tina totchedwa adrenaline, mtima umathamanga ndipo magazi amathamangira ku minofu, kukonzekera kumenyana kapena kuthawa. Ndinawerenganso kuti mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene kamaliza belu la ngozi mofulumira kwambiri, pamene chigawo cha kutsogolo, kuseri kwa chipumi, chimene chimayeza zinthu ndi kuletsa munthu, chimachedwerapo ndipo sichikhwima mpaka munthu atafika zaka za m'ma 25. Kunena zoona, zimenezi zinandisangalatsa poyamba, chifukwa ndinaona ngati ndapeza pobisala. Ndinauza mkazi wanga kuti vuto langa ndi chibadwa, ndipo kuti thupi limachita lisanandifunse.

Mkazi wanga anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa modekha kuti, "Ngati ndi chibadwa, bwanji abwana anu atakunyozani pamaso pa anzanu munangokhala chete n'kupepesa?" Ndinasowa choyankha. Tsiku limene ankanenalo makutu anatenthanso, mtima unagundanso chimodzimodzi, koma nzeru zinafika pa nthawi yake, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikayankha molakwika ntchito itha. Ndiye kuti mkwiyo wangawu suli wakhungu monga ndinkadzinamizira; umadziwa kusankha, ndipo umasankha anthu amene sangandibwezere. Ichi ndicho chimandiwawa koposa zonse, kuti ulemu umene ndimapatsa munthu wondilemba ntchito ndimawamana anthu amene ndimawakonda.

Ndiyenera kunenanso za kumene ndinachokera, ngakhale sindikufuna kuti zikhale chowiringula chatsopano m'malo mwa chakale chija. Bambo anga anali munthu wolimbikira ntchito ndipo sanatisowetse kanthu, koma anali aukali kwambiri. Ife ana tinkadziwa mmene madzulo athere pongomva mmene atsegulira chitseko, ndipo ndimakumbukira bwino phokoso la chitsulo cha lamba akamamuvula. Ndili mnyamata ndinalumbira kuti ana anga sadzadziwa mantha amenewo. Lero ndimamva mawu a bambo anga akutuluka pakamwa panga, mpaka kakwezedwe kake.

Zimene akatswiri anapeza pa nkhani imeneyi zimandiopsa m'malo monditonthoza. Mu 1961, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti ana aang'ono amene anaonerera munthu wamkulu akumenya chidole, nawonso anachimenya atasiyidwa nacho, ndipo ambiri anatsanzira kamenyedwe komanso mawu ake. Kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2002, amene anatsatira ana a mumzinda wa Dunedin ku New Zealand kuyambira ali aang'ono mpaka atakula, anapeza kuti anyamata amene anali ndi mtundu wina wa jini yotchedwa MAOA (jini ndi kachinthu ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo) ankakonda kudzakhala achiwawa makamaka ngati anachitiridwa nkhanza ali ana, pamene anzawo a jini yomweyo amene analeredwa bwino sanasiyane kwenikweni ndi anyamata ena. Mmene ndikumvera ine, chibadwa chimangoika nkhuni, koma moto umakolezedwa ndi zimene mwana amaona m'nyumba. Ndipo m'nyumba mwanga, wokoleza motoyo ndine. Mwezi watha ndinamva mwana wanga akukalipira mlongo wake chifukwa chogwira cholembera chake. Anamukankhira pansi n'kunena kuti, "Ndikuuze kangati?" Amenewo ndi mawu anga enieni, ndipo anawanena atakunga nkhope mmene ndimaikungira ine.

Sikuti ndangokhala osayesa kanthu. Ndaona kuti ndimaphulika kawirikawiri ndikagona maola ochepa, kukatentha kwambiri, ndikafika kunyumba ndili ndi njala, kapena ndikamwako mowa, ndipo chifukwa cha zimenezi mowa ndinausiya miyezi itatu yapitayo. Zinathandizako, koma sizinathetse vutolo. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndizimenya pilo kuti mkwiyo uzituluka, koma ndinkadzuka pamenepo nditakwiya kuposa poyamba, ndipo pambuyo pake ndinawerenga kuti katswiri wa maganizo, Brad Bushman, anapeza zofananazo mu 2002: anthu amene anamenya thumba la nkhonya akuganizira amene anawakwiyitsa anakhala aukali kwambiri kuposa amene anangokhala phee osachita kanthu. Kuwerenga manambala mpaka khumi kumagwira ntchito ndikakukumbukira, koma vuto ndi lomwelo, kuti pa nthawi imene ndikufunika kukumbukira, ndimakhala nditakalipa kale.

Choncho ndikupempha kuti mundithandize pa zinthu izi. Popeza zaoneka kuti kuugwira mtima ndimatha ndikakhala kuntchito, ndingatani kuti luso lomwelo ndizilowa nalo pakhomo, kumene kulibe wondichotsa ntchito? Kodi pali njira yophunzitsira maganizo kuti azizindikira zizindikiro zoyamba zija, makutu otentha ndi nsagwada zolumana, moto usanafike padenga? Mkazi wanga waganiza zoti tizigwirizana mawu amodzi amene iye akawanena ndizituluka panja kaye osatsutsa, ndipo ine ndavomera, koma ndikuopa kuti ndikumusenzetsa udindo wondilondera pamene vuto ndi langa. Ngati mukuona kuti zafika poti ndikaonane ndi katswiri wa maganizo, ndiuzeni mosabisa, ndipo mundiuzenso zimene ndingayembekezere kumeneko, chifukwa ndine wokonzeka kupita.

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi mwana uja. Ndikufuna kumupepesa, ndipo sindikufuna kupepesa kwa pakamwa chabe kumene kudzatsatiridwa ndi kukalipa kwina sabata yamawa, chifukwa zikatero adzaphunziranso kuti munthu akhoza kumenya, n'kupepesa, n'kumenyanso. Ndiyambe ndi kulankhula naye tsopano, kapena ndiyambe ndasintha kaye kuti mawu anga adzakhale ndi umboni? Ndipo ndikamuona akukankha mlongo wake, ndimudzudzule bwanji pa chinthu chimene iye akudziwa bwino kuti anachiphunzira kwa ine?

Ine wanu,
Bambo wodandaula