Mayeso a Gifted and Talented: Makolo Tisaphonye

Makolo anzathu a m'gulu lathu kuno ku Texas, tikukumbutsani za mayeso osankhira ana aluntha lapadera, omwe masukulu amawatcha G/T. Lamulo la boma lino limafuna kuti district iliyonse (ofesi yoyang'anira masukulu a m'dera) ipeze ana otere kuyambira kindergarten mpaka giredi 12.

Musadikire aphunzitsi okha. Inuyo ngati kholo mungathe kupereka dzina la mwana wanu, ndipo mwana sayesedwa payekha popanda chilolezo chanu cholembedwa. Salipiritsa. District iliyonse ili ndi nthawi yakeyake yolandirira mayina, choncho funsani ku ofesi ya sukulu sabata ino.

Chomwe chimatidetsa nkhawa n'chakuti ambiri timaopa kuti mwana amene Chingerezi sichinakhazikike sangakhoze. Ayi ndithu! Mayeso ngati NNAT alibe mawu owerenga: mwana amaona zithunzi za mabokosi ndi mizere, n'kusankha kachidutswa kamene kakusowa. Mayeso ena otchedwa CogAT amayesa mawu, manambala ndi zithunzi. Komanso komiti ya anthu osachepera atatu imaunika zinthu zingapo, osati malikisi okha.

Akamukana mwana, muli ndi ufulu wochita apilo. Amene mukufuna thandizo polemba fomu, tiuzeni pagulu pano.